Kufunditsa anapiye ndi gasi: sikelo ndiyo mita yanu

Mu Juni 2024 mayi wina woweta nkhuku zanyama kufupi ndi Bvumbwe adandiitana kuti ndikaone chimene chinkawadyera phindu. Nkhuku zinkakula bwino, zakufa zinali zowerengeka, ndipo ogula ku Limbe sankasowa, koma akatha kugulitsa ndalama yotsala m'manja inkachepa kusiyana ndi m'mene ankayembekezera. M'kope mwawo adalembamo zonse mwadongosolo: anapiye, chakudya, katemera, utuchi, ngakhale ya kabaza. Pamzere wa gasi pokha ndi pamene padalembedwa kuti "masilinda atatu kapena anayi".

"Mayi, atatu kapena anayi?" ndidawafunsa.

"Aa, alangizi, gasi saoneka ndi maso. Ife timangodziwa kuti watha moto ukazima," adatero akuseka.

Ine sindidaseke nawo, chifukwa silinda yawo ndi ya makilogalamu 14, ndipo pakati pa atatu ndi anayi pali ndalama yoti mlimi sangaitaye dala. Alimi angapo amene ndimawayendera adagula mahita a gasi mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale chaka chimenecho, magetsi n'kuyamba kuthima maola ambiri. Mahitawo adapulumutsa anapiye. Koma mukawafunsa eni ake kuti mwanapiye mmodzi amadya gasi wa ndalama zingati, amangoyang'ana kumwamba. Nkhani ya sabata ino, alimi anzanga, ndi yakuti yankho lake mungalipeze nokha ndi sikelo, kope ndi pensulo.

M'mene amawerengera kumene gasi ali ndi mita

Nzeru imene ndidapita nayo ku Bvumbwe sindidaitenge m'kalasi ku Bunda ai. Ndidaitenga pa bilu ya mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Britain. Chisanu chake choyamba kumeneko adanditumizira chithunzi cha bilu ya gasi ndi uthenga wakuti, "Achimwene, inu munaphunzira masamu, tandiuzeni ngati anthuwa sakundibera."

Kumeneko gasi sabwera m'silinda. Amabwera m'mapaipi apansi monga amabwerera madzi m'matauni mwathu muno, n'kulowa m'nyumba kudzera pa mita. Gasiyo amatenthetsa madzi, madziwo n'kumazungulira m'zitsulo zimene amaziika m'mbali mwa makoma a zipinda, nyumba n'kufunda. Mita imawerenga kuchuluka kwa gasi m'makiyubiki mita, koma bilu imabwera m'mayunitsi, omwe aja ife timagula a magetsi, amene pa lisiti amalembedwa kuti kWh. Ndiye pakati pa nambala ya pa mita ndi ndalama ya pa bilu pali masamu pang'ono.

Tinene kuti Lolemba m'mawa mita ikuonetsa 4,512 ndipo Lolemba linalo nthawi yomweyo ikuonetsa 4,554. Gasi amene wapsa sabata imeneyo ndi makiyubiki mita 42. Nambala imeneyi amaichulukitsa ndi 1.02264, pofuna kukonza za kutukuka ndi kunyala kwa gasi malinga ndi kutentha komanso kupanikizika kwake m'paipi. Kenaka amachulukitsa ndi mphamvu ya moto imene ili m'kiyubiki mita imodzi. Mphamvuyi imasinthasintha pang'ono, choncho kampani imailemba pa bilu, ndipo kawirikawiri imakhala cha m'ma 39 kapena 40. Pomaliza amagawa ndi 3.6. Tikatenga 39.5, makiyubiki mita 42 aja akupereka mayunitsi 471. Waulesi angathe kungochulukitsa ndi 11, sasochera kwambiri. Mamita akalekale amawerenga m'mazana a makiyubiki fiti, ndipo amene ali ndi mita yotere amayamba wachulukitsa ndi 2.83.

Mayunitsi aja akachulukitsidwa ndi mtengo wa yuniti, nkhani sinathe. Pali ndalama ina imene amalipira tsiku lililonse chifukwa chongokhala wolumikizidwa ku paipi, ayatse moto asayatse. Chinanso, gasi yemweyo ndiye amaphikira ndi kutenthetsa madzi osamba. Kuti mchemwali wanga adziwe ya kufunditsa nyumba payokha, ndidamuuza kuti awerenge mita kwa sabata imodzi mu Julaye, nthawi imene kumeneko kumatentha ndipo safunditsa nyumba, kenaka azichotsera nambala imeneyo pa ya sabata za mu Januwale. Tidapeza kuti palibe amene ankamubera. Nyumba yake ndiyo inali ndi mawindo olowa mphepo.

Pa bilu imeneyo ndidatolapo zinthu zimene zimagwira ntchito m'khola la nkhuku mofanana ndi m'nyumba ya ku Britain: kuwerenga kawiri pa ola lofanana n'kuchotsera, kuonjezerapo ndalama zimene zimatuluka ngakhale moto usanayake, ndi kupatula gasi amene wapita ku ntchito zina. Koma manambala ao aja musawatengere kuno. Gasi wa m'mapaipi ndi wa mtundu wina. Wathu wa m'silinda amakhala ngati madzi m'kati mwa botolo, ndipo timamugula pa kilogalamu. Chinthu chogulidwa pa kilogalamu mita yake ndi sikelo.

Kuyeza silinda

Silinda iliyonse ili ndi nambala yodindidwa pa chogwirira kapena pa phewa lake yosonyeza kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ya mayi aja inali 14.6. Ndiye ikadzaza bwino iyenera kulemera makilogalamu 28.6, ndipo tsiku lililonse mukaiyeza n'kuchotsera 14.6 mumadziwa gasi amene watsala. Izi zokha zikuthandizani kale, chifukwa simudzadzidzimuka moto utazima pakati pa usiku anapiye ali a masiku atatu.

Sikelo yake ikhale yopachika ya manambala, yotha kuonetsa magalamu 100 kapena kucheperapo. Sikelo ya wotchi imene timayezera chimanga imadumpha theka la kilogalamu, ndipo pa tsiku limodzi ikhoza kukunamizani. Ngati muli ndi yokhayo, yezani pakatha masiku atatu n'kugawa ndi 3. Musanayeze, zimitsani hita, tsekani silinda, ndipo ngati mwayeza leguleta ili pomwepo, mawa lake ikhalenso pomwepo. Ola likhale limodzimodzi. Ife tidasankha 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa, kuti tione padera gasi wa usiku ndi wa masana.

Gulu limene tidayeza lidalowa mu Julaye, anapiye 500, chiperoni chili pachimake. Madzulo oyamba silinda idalemera 27.4. M'mawa mwake inali 25.6, ndipo madzulo ake 24.9. Usiku hita idadya makilogalamu 1.8, masana magalamu 700, pamodzi makilogalamu 2.5 pa tsiku. Sabata yonse yoyamba idayenda choncho, ndipo idatha makilogalamu 17.5.

Dziwani kuti tsiku limodzi silingakuuzeni za gulu lonse. Mwanapiye wongoswedwa kumene satha kudzifunditsa yekha, ndipo sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 poyeza pa msinkhu wa msana wake. Nthenga zikamamera mumatsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Choncho sabata yachiwiri hita inkadya makilogalamu 1.6 pa tsiku, pamodzi 11.2, ndipo sabata yachitatu, pamene inkayaka usiku wokha, magalamu 900 pa usiku, pamodzi 6.3. Gulu lonse lidadya makilogalamu 35, omwe ndi masilinda awiri ndi theka.

Nanga atatu kapena anayi aja ankapita kuti? Mbali ina tidaipeza tsiku loyamba lomwe tisanayambe kuyeza. Nditapaka thovu la sopo pamene paipi imalumikizana ndi leguleta, thovulo lidayamba kufufuma. Paipi inali itang'aluka pang'ono, ndipo gasi ankatuluka usana ndi usiku. Mbali yotsala inali kukhitchini: masana dzuwa likawala, silinda ya anapiye inkanyamulidwa kukaphikira nyemba. Palibe cholakwa kuphikira gasi, koma nyemba za banja zisalembedwe pa mutu wa nkhuku. Ngati silinda ndi imodzi, iyezeni popita kukhitchini ndi pobwerera.

Kusandutsa makilogalamu kukhala makwacha

Mtengo wa gasi amalengeza ndi a MERA, ndipo umasintha, makamaka kwacha ikagwa monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, popeza gasiyu timachita kuitanitsa kunja. Ndiye pano ndingoyerekeza K4,000 pa kilogalamu kuti masamu aphweke. Ndalama zina zonse zimene nditchule m'munsimu ndi zoyerekezanso. Inu muikepo za pa malisiti anu.

Makilogalamu 35 pa K4,000 ndi K140,000. Apa ndi pamene ambiri amalekera, koma kumbukirani ndalama ya tsiku ndi tsiku ija ya pa bilu ya ku Britain. Ifenso tili nayo yathu. Silinda siyenda yokha kupita kokathira gasi. Maulendo atatu pa K5,000 ulendo umodzi ndi K15,000. Hita, leguleta, paipi ndi silinda zimatha. Ngati mudazigula K240,000 ndipo mukuyembekeza kuti zikutumikirani zaka zinayi, magulu asanu ndi limodzi pa chaka, ndiye kuti mugawe ndi magulu 24, gulu lililonse lisenze K10,000. Zonse pamodzi ndi K165,000.

Tsopano mugawe, koma osati ndi anapiye amene mudagula ai. Gawani ndi nkhuku zimene mwagulitsa, chifukwa yakufa siibweza ndalama. Pa 500 zija zidafika pa msika 480. Nkhuku iliyonse yasenza K344 ya kufunda kokha. Nambala imeneyi ndiyo iyenera kulowa m'mtengo wogulitsira, pamodzi ndi ya chakudya ndi ya katemera.

Pali chinthu china chimene masamuwa amaulula, ndipo ndimafuna alimi ang'onoang'ono achimvetse asanakhumbire hita ya mnzawo. Hita siwerenga anapiye. Mukaika 150 pansi pa hita yoyenera 500, m'khola lomwelo, mwezi womwewo, idzapsereza gasi pafupifupi yemweyo. Makilogalamu 35 aja mukawagawa kwa nkhuku 145 zotsala, iliyonse yasenza K965 ya gasi yekha, musanaike ya ulendo. Amene akuweta anapiye 100 kapena 150 asathamangire hita yaikulu. Agule yaing'ono, kapena achepetse malo amene akufunditsa, kapena agwirizane ndi anzao awiri kulerera anapiye pamodzi kwa sabata zitatu zoyamba n'kudzagawana pambuyo pake.

Nanga magetsi ndi makala?

Funso limeneli silichedwa kubwera, ndipo anthu amakangana nalo mpaka kutuluka thukuta chifukwa wina akuwerenga masilinda, wina matumba, wina mayunitsi. Njira yake ndi imene amachita a bilu aja, kubweretsa zonse pa muyeso umodzi. Kilogalamu imodzi ya gasi wa m'silinda ili ndi moto wofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 13. Kilogalamu ya makala ouma bwino ili ndi wofanana ndi mayunitsi pafupifupi 8.

Ndiye tengani mtengo wa kilogalamu ya gasi mugawe ndi 13. Pa K4,000 tikupeza K308. Kenaka tengani lisiti la magetsi limene mwagula posachedwa, mugawe ndalama yonse imene mudapereka ndi mayunitsi amene mudalandira, kuti misonkho ilowe momwemo. Ngati yuniti yanu ili pansi pa K308, moto wa magetsi ndi wotsika mtengo kuposa wa gasi. Ngati ili pamwamba, gasi wapambana. Chitani masamuwa nokha, chifukwa mtengo wa yuniti ya pakhomo umasiyana ndi wa malo a bizinesi.

Amene mukugwiritsa kale mababu ofiira aja, mita muli nayo pakhoma. Mita ya magetsi olipiriratu imawerenga chobwerera m'mbuyo. Anapiye asanafike, iwerengeni madzulo awiri otsatizana kuti mudziwe zimene nyumba imadya payokha, tinene mayunitsi 6.5. Anapiye atalowa, madzulo ena ikuonetsa 86.0, mawa lake 55.5. Apita 30.5, ndipo mukachotsera 6.5 a nyumba, a khola ndi 24. Zikugwirizana ndi masamu, pakuti babu la mawatsi 250 likayaka maola 24 limadya mayunitsi 6, ndipo mababu anayi ndi 24. Mukathira mayunitsi ena pakati pa kuwerenga kuwiriko, musaiwale kuwaonjezera pa nambala yoyamba.

Komabe kutsika mtengo kwa yuniti sikufunditsa mwanapiye magetsi atathima 2 koloko usiku ku Dedza kapena ku Mzimba mu Julaye. Anapiye akazizidwa amaunjikana, apansi n'kubanika, ndipo usiku umodzi ukhoza kufafaniza zimene mudasunga chaka chonse. Maganizo anga ndi akuti amene ali ndi magetsi otsika mtengo awagwiritse ntchito, koma hita ya gasi ikhale pambali yolumikizidwa kale, silinda yake itayezedwa.

Makala pa pepala amaoneka okoma. Moto wa makilogalamu 35 a gasi ukufanana ndi wa makala makilogalamu 57. Koma m'khola sizitero. Mbaula ilibe potsitsira moto. Imayaka kwambiri mukangothira, imafooka m'bandakucha pamene kukuzizira zedi, ndipo wina ayenera kudzuka kawiri kapena katatu usiku uliwonse. Thumba la makala si muyeso: lina pansi pake ndi fumbi, lina ndi lonyowa. Ngati mukufuna kufananitsa mwachilungamo, yezani makala amene mwathira m'mbaula pa sikelo yomweyo. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala a mitengo yachilengedwe popanda chilolezo, ndipo litakonzedwa mu 2020 zilango zake zidakwera.

Kumene gasi amathawira

Mwaona kuti pa makilogalamu 2.5 a tsiku, 1.8 ankapsa usiku. Apo ndi pamene pali ndalama yoti mupulumutse. Khola la mayi aja linali lalitali, la malata opanda siling'i, ndipo hita inkafunditsa denga m'malo mwa anapiye. Gulu lotsatira la mu Ogasiti lisanalowe tidasoka matumba akale a chakudya n'kupanga denga lachiwiri lotsika, tidatchinga mawindo a waya ndi matumba ena, tidazunguliza anapiye ndi mpanda wozungulira wa makatoni wofika m'mawondo, ndi kuthira utuchi wouma wokhuthala ngati kutalika kwa chala. Usiku woyamba sikelo idaonetsa makilogalamu 1.4. Sindinganene kuti zonsezo ndi za matumba, chifukwa Ogasiti safanana ndi Julaye. N'chifukwa chake pambali pa nambala iliyonse muzilemba m'mene kunja kunachera, kaya kuli chiperoni, mphepo ya mwera kapena kuli zii.

Potchingapo musatseke khola lonse. Moto uliwonse, wa gasi kapena wa makala, umadya mpweya wabwino, ndipo ukasowa mpweyawo umatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo ndi mtundu. Umapha anapiye, umaphanso mnyamata amene wagona m'kholamo kuti aziyang'anira moto. Siyani mpata kumwamba kwa mawindo mbali zonse ziwiri. Lawi la hita likhale lobiriwira ngati thambo, likayamba chikasu ndi mwaye zimitsani muikonze. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amayala pansi pomwe pali anapiye ndi utuchi, choncho silinda iime chilili kunja kwa mpanda wa anapiye, ndipo poyesa ngati ikutuluka gwiritsani thovu la sopo, osati machesi. Inu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene mumayatsa hita ya gasi pabalaza mu Juni, masamu ndi machenjezo onsewa ndi anunso: yezani silinda musanayatse ndi mutazimitsa, mudziwa ya madzulo amodzi.

Chimene sindikufuna ndi chakuti wina awerenge nkhani ino n'kupita kukatsitsa moto pofuna kusunga K344 ija. Mwanapiye wozizidwa sakula bwino, chakudya chimene wadya chimathera kudzifunditsa m'malo momanga mnofu, ndipo chakudya ndicho chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse zoweta nkhuku zanyama. Anapiye eni ake ndiwo akuuzeni. Akaunjikana pansi pa hita akulira, azizidwa. Akathawira m'mbali mwa mpanda atayasamula kukamwa, mwawaotcha ndipo mukutaya gasi. Akabalalika bwinobwino, ena akudya, ena akumwa, ena agona, moto uli pamalo pake.

Sikelo yanu muzipita nayonso kokathira gasi. Ineyo tsiku lina ndidalipira makilogalamu 9 pamalo ena, nditafika kunyumba ndidapeza 8.2. Kuyambira pamenepo ndimayeza silinda isanathiridwe ndi itathiridwa, wogulitsa akuona. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo si mwano kufunsa ngati sikelo ya pamalopo idayesedwa.

Mayi a ku Bvumbwe aja tsopano ali ndi tsamba lake la gasi m'kope: tsiku, ola, kulemera kwa silinda, msinkhu wa anapiye, ndi za nyengo. Gulu la mu Okutobala, kunja kukutentha, lidangodya makilogalamu 12, hita ikuyaka usiku wokha kwa masiku khumi. Ataona kusiyana kwake ndi 35 a mu Julaye adaleka kuika mtengo umodzi wa gasi pa magulu onse a chaka. Nkhuku za m'chisanu amaziwerengera ya gasi yakeyake, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye salowetsanso anapiye ochepera 400. Silinda ya kukhitchini adagula ina ya makilogalamu 9.